Kanema, wailesi ndi foni: munthu wamkulu amatolapo chiyani? Mafunso ndi mayankho a ku Mangochi

Ndaphunzitsa sukulu ya kwacha kwa zaka zingapo m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo mafunso ali m'munsiwa andipeza m'malo osiyanasiyana: ena m'kalasi, ena padoko podikira usipa, ena pamaliro usiku anthu akamacheza kuti asagone. Ndawayankha monga ndikuonera ine. Pena muvomereza, pena mupukusa mutu.

Kodi kuonera kanema n'kuphunzira, kapena n'kutaya nthawi chabe?

Lowani mu vidiyo sho Loweruka masana kukakhala mpira wa ku England. Mupezamo bambo amene sukulu anasiyira Sitandade 2, koma akutchula osewera onse a Arsenal, mayiko awo, ndi timu imene aliyense anachokera. Mufunseni kuti timu yake ikufunika mapointi angati kuti ipitirire inzake, awerengetsera m'mutu inu musanatulutse foni. Akudziwa kuti nthawi ya ku London imatsalira poyerekeza ndi yathu, miyezi ina ndi ola limodzi, miyezi ina maola awiri. Palibe anamukhazika pansi ndi choko. Samu ndi mapu a dziko anazitolera m'chisakasa cha mphasa cholipira pakhomo.

Atelala nawonso. Mayi amabwera ndi chitenje ndi chithunzi cha m'foni: "Mundisokere ngati ya mayi awa," mayi ake a m'filimu ya ku Nigeria. Telala amayang'ana, kudula, kusoka, kumasula, kusokanso, mpaka sitayiloyo yalowa m'manja.

Ndiye kuphunzira kulipo. Koma telala uja waphunzira chifukwa atatha kuona anakhala pamakina. Mnzake amene waonera mafilimu omwewo zaka khumi osagwira singano wangodziwa kuti sitayilo yotere iliko. Kanema amakuonetsa chinthu, n'kukupatsa chilakolako ndi mawu ochitchulira. Sakuyang'ana m'manja kuti aone ngati ukulakwitsa.

Kanema anafika liti kuno, popeza makolo athu sankamudziwa?

Nthawi yonse ya ulamuliro wa Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, ndipo kenako inaphatikizidwa ndi MBC. Wailesi ya mawu ndiyo yakale: MBC ilipo kuyambira mu 1964. Kumudzi kanema ankabwera pa galimoto ya boma mwa apo ndi apo, kuonetsedwa pabwalo usiku, nkhani zake za ulimi ndi zaumoyo, anthu n'kukhala akukamba zimenezo mwezi wathunthu.

Kuno ku Mangochi njira ina imene kanema analowera ndi ya ku Joni. Wobwerako ankatsitsa m'basi wailesi yaikulu, TV ndi DVD, kenako kunadza sola ndi dishi. Ku Namwera, ku Makanjira, ku Katuli mupeza dishi padenga pomwe waya wa ESCOM sunafike. Lero foni yapitirira zonsezi, chifukwa filimu imalowa m'kamemore kwa anyamata a pamsika oika nyimbo.

Choncho munthu wa zaka 50 anakula akuphunzira ndi khutu, pamene mwana wake wa zaka 25 anakulira mu vidiyo sho. Awiriwa akakhala m'kalasi imodzi, wamkulu amasunga zimene wamva, wamng'ono amafuna aone kaye.

Ulipo umboni woti sewero lingamukokere munthu wamkulu kusukulu?

Ulipo, ndipo nkhani yake inayambira kutali. Mu 1969 ku Peru kunali sewero la pa kanema lotchedwa Simplemente María, la mtsikana wakumudzi amene anapita kutauni kukagwira ntchito ya m'nyumba, n'kumaphunzira kuwerenga komanso kusoka pamakina, mpaka anatukuka. Eni ake ankangofuna kusangalatsa anthu. Koma atsikana antchito ambiri anayamba kulembetsa m'makalasi a akuluakulu ndi a zosokasoka, ndipo makina a Singer anayenda malonda.

Miguel Sabido wa ku Mexico ataona zimenezi anaganiza zochita dala chimene ku Peru chinachitika mwangozi. Mu 1975 anakonza sewero lotchedwa Ven Conmigo, la akuluakulu ophunzira kulemba ndi kuwerenga. Chimene ambiri amaiwala pa nkhaniyi n'chakuti boma la Mexico linali litakonzeratu mabuku ndi magulu ophunzirira, ndipo owonera ankauzidwa kumene angakatenge mabukuwo. Anthu zikwi mazanamazana analembetsa. Sewero linadzutsa njala, koma nsima inali yophikaphika. Njala yomweyo ikadzutsidwa kumudzi kumene kulibe kalasi kapena mlangizi, imangozilala.

Sabido ankatsamira pa maganizo a katswiri wa za kaganizidwe ka anthu, Albert Bandura, oti munthu amaphunzira poona zimene zikuchitikira mnzake wofanana naye. Agogo athu anazinena kale mwachidule: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Tanzania njira yomweyi anaigwiritsa ntchito pa wailesi kuyambira mu 1993 mu sewero la Twende na Wakati, lokamba za kulera ndi Edzi. Kwathu kuno tinali ndi Zimachitika ya a Story Workshop, ndi Tikuferanji imene inafikitsa dzina la Manganya mpaka kumidzi yopanda msewu. Mwini dzinalo, a Michael Usi, anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Amene amati zisudzo ndi zachibwana aganizirepo pamenepo.

N'chifukwa chiyani za m'sewero timazikumbukira, koma za pamsonkhano wa alangizi zimalowa khutu ili n'kutulukira linali?

Chachikulu ndi manyazi. Munthu wa ana ndi zidzukulu safuna kuoneka mbuli pamaso pa apongozi ake. Mlangizi akafunsa kuti "Alipo ali ndi funso?" onse amayang'ana pansi. Funso lilipo, koma kulifunsa n'kudziulula. Sewero limatula mtolo umenewu. Zaka zimene Edzi inkatha anthu m'madoko athu, mkazi sakanatha kuuza mwamuna wake kuti tiyeni tikayezetse. Koma ankatha kunena kuti, "Bambo a m'sewero aja ndiye opusa, akukana kukayezetsa chonsecho mayendedwe awo akuwadziwa." Mwamuna n'kumva, osayankha. Mawu afika, palibe wanyozeka.

Chinanso, ife ndi anthu a nthano ndi nyimbo. Ku ndagala ndi ku nsondo malangizo amayenda m'nyimbo. Beni amene timavina kuno anachokera pa kuonerera asilikali a atsamunda akuguba. Anthu anaona, n'kutengera, n'kuthiramo nthabwala ndi nyimbo zawo. Kutola nzeru pa zoonera sikunabwere ndi dishi ayi.

Ndi pulogalamu iti imene yaphunzitsa anthu kwambiri m'zaka zapitazi?

Kwa ine si pulogalamu imene inakonzedwa kuti iphunzitse. Ndi mlandu wa chisankho cha 2019. Kwa miyezi ingapo nyumba zoulutsira mawu zinkaulutsa zochitika m'khoti ku Lilongwe, womasulira akutembenuzira m'Chichewa. Akabaza anamangirira tiwailesi pa chiwongolero, ogulitsa nsomba anaika foni pathandala, ndipo kukada aliyense anali loya. Anthu amene sanapondepo m'khoti anadziwa kuti mboni imalumbira, kuti loya wa mbali ina amaipanikiza ndi mafunso, kuti pepala lofufutidwa ndi Tippex lingakhale umboni. Mawu oti "madando" analowa m'nyumba iliyonse. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anagamula kuti chisankho cha mtsogoleri wa dziko chichitikenso, n'kumasulira kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka, zimene zimatchedwa "50+1". Chinachitikadi pa 23 June chaka chomwecho.

M'kalasi mwanga "50+1" inandithandiza kuphunzitsa theka kuposa buku lililonse. Mayi wina anafunsa kuti ngati m'banki m'khonde mwawo muli anthu 24, ofunika kuvomereza ndi angati kuti zikhale 50+1. Anzake anayankha kuti 13 ine ndisanatsegule pakamwa.

Nkhaniyo inali yawo, inali m'chinenero chomveka, inkabwera tsiku ndi tsiku, ndipo ikatha anthu ankakangana. Mkanganowo ndiye unali sukulu yeniyeni. Amene sanamvetse masana ankamvetsa usiku pomva anzake akutsutsana pakhonde la golosale.

Nanga mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ aja ndi othandiza?

Nanenso ndimawaonera, ndipo ndimaseka. DJ amatenga filimu ya ku China kapena ya ku India n'kuika mawu ake pamwamba. Msilikali wa mfumu amapezeka akudandaula za mtengo wa feteleza, mzinda wa kutali n'kusanduka Ndirande. Luso limenelo ndi lalikulu, ndipo lathandiza agogo amene kale ankangoona zithunzi zikuyenda osamva kanthu.

Koma dziwani kuti mukumva nkhani ya DJ, osati ya filimu. Pamene sanamve, amapeka. Pamene pali zii, amadzazapo nthabwala, ndipo zina n'zonyoza amayi, olumala kapena mitundu ya anthu. Ndakumanapo ndi akuluakulu okhulupirira ndi mtima wonse kuti Mtchaina aliyense amadziwa karate, ndipo ku Nigeria munthu salemera popanda kukhwima. Ku Lagos kuli anthu mamiliyoni ambiri amene amalawirira kuntchito ngati ife, kungoti filimu ya zimenezo singagulike.

Ndingaphunzire Chingerezi poonera kanema?

Khutu lingaphunzire. Mudzazolowera kamvekedwe kake, moni, manambala, mawu a mumpira ndi a m'nkhani. Anyamata a ku Cape Maclear operekeza alendo amalankhula Chingerezi chothamanga chimene mbali ina anachitola pa kanema, koma anachinola polankhula ndi alendowo tsiku ndi tsiku. Pakamwa pamafuna munthu woyankha.

Ngati mumawerenga kale pang'ono, sankhani mafilimu okhala ndi mawu olembedwa m'munsi, m'chinenero chomwecho chimene akulankhula. Ku India, Brij Kothari ndi anzake anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuika mawu a nyimbo za m'mafilimu m'munsi mwa kanema, kuti woimba motsatira aziona zilembo za zimene akuimba, ndipo zinathandiza owerenga mododoma. Ndimalakalaka ma TV athu atachita chimodzimodzi ndi nyimbo za Chichewa ndi Chiyao. Nyimbo munthu amaibwereza kakhumi osatopa.

Si Chingerezi chokha. Chiswahili chikulowa kudzera m'nyimbo za ku Tanzania ndi dikoda ya Azam, ndipo ena okonzekera ulendo wa ku Joni amafika atatolako kale mawu a Chizulu m'masewero a kumeneko. Kwa amayi ambiri a kumapiri kwa Jalasi kapena kwa Bwananyambi, amene pakhomo amalankhula Chiyao chokhachokha, wailesi inawathandiza kutola Chichewa chimene amachifuna akafika kuchipatala.

Ndiye kanema kapena foni zingandiphunzitse kulemba ndi kuwerenga, osapita ku kwacha?

Ayi. Kulemba ndi ntchito ya dzanja. Dzanja limene lagwira khasu ndi nkhafi zaka 40 limauma, pensulo imaterereka kapena kuboola pepala, ndipo pafunika wina akhale pambali, aligwire, alitsogolere pa "a" woyamba. Pafunikanso wina woona kuti "b" ndi "d" mukuzisinthanitsa. Galasi la TV silichita zimenezo.

Boma lathu lino la Mangochi, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni, lili m'gulu la maboma amene odziwa kulemba ndi kuwerenga ndi ochepa kwambiri. Zifukwa zake n'zakale. Nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo makolo achisilamu ankaopa kuti mwana akalowa kumeneko asintha chipembedzo ndi dzina lomwe. Ambiri anasankha madrasa. N'chifukwa chake mupeza gogo wowerenga Chiarabu bwinobwino koma wodinda chala pa fomu ya boma. Munthu wotere si mbuli, ndipo m'kalasi amathamanga chifukwa akudziwa kale kuti chilembo chimanyamula liwu. Onjezani nyanja imene imapatsa mnyamata ndalama ya lero lomwe, ulendo wa ku Joni, ndi maukwati a ana. Pulayimale yaulere inabwera mu 1994, ambiri a m'makalasi athu atakula kale.

Chimene foni yachita n'kubweretsa anthu pakhomo la kalasi. Kale ndikafunsa chimene munthu wadzera, ankati akufuna kuwerenga Baibulo kapena chikwangwani cha basi. Lero amati akufuna aziwerenga yekha uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa watopa kupatsa mwana wa eni foni yake ndi nambala yachinsinsi yomwe kuti amuuze ndalama zimene zalowa. Mayi wina anandiuza mosabisa kuti akufuna aziwerenga yekha zimene bambo a kunyumba amalemba ali ku Joni, pakuti zina si zoti mwana aziwerengera mayi ake. Anaphunzira msanga kuposa onse.

Koma foni yomweyo yabweretsa njira yozembera. Chibwerereni mauthenga a mawu pa WhatsApp, munthu amangodina, kulankhula, kutumiza. Ena amene anayamba kalasi ndi moto anazilala atazindikira kuti angathe kucheza ndi abale awo osalemba chilembo n'chimodzi chomwe. Sindiwadzudzula. Ndimangowakumbutsa kuti fomu ya ngongole, khadi la kusikelo ndi pepala logulitsirana malo sizilankhula.

Zithunzi za ku Joni zikuwaphunzitsa chiyani achinyamata athu?

Zikuwaphunzitsa kuti sukulu ndi njira yaitali, basi ndi yachidule. Ulendowu si wachilendo: agogo awo anapita kumigodi ndi Wenela, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, imene inapha anthu oposa 70, inachititsa Kamuzu kuimitsa kaye. Chasintha n'chakuti kale wotchona ankadziwika ndi kalata ya kamodzi pachaka. Lero ali pa Facebook tsiku lililonse, nsapato zatsopano, atatsamira galimoto imene mwini wake sitimudziwa. Chipinda chogona anthu asanu sachijambula. Sajambulanso Lindela, kumene amasunga ogwidwa opanda mapepala, kapena zipolowe zothamangitsa alendo ngati za mu 2015, pamene boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu.

Sindikuti asapite, nyumba zambiri za malata m'boma lino zamangidwa ndi ndalama ya kumeneko. Koma funsani obwerako amene ali ndi chilungamo. Adzakuuzani kuti wodziwa kuwerenga adiresi, kulemba dzina lake ndi kuwerengetsa malipiro ake sapusitsidwa msanga, ndipo wa luso la m'manja, kaya kuwotcherera, kumanga kapena kusoka, amapeza ntchito yabwinoko. Pa mfundo imeneyi ndakokerapo anyamata angapo m'kalasi: bwera uziphunzira pamene ukudikira pasipoti.

Ndingadziwe bwanji kuti zimene ndaona kapena kumva n'zoona?

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa bodza nalo limaphunzitsa, mwaluso ndithu. Nthawi ya Covid-19 tinamva m'mafoni kuti katemera ndi chizindikiro cha chilombo, kuti amatseka ubereki. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi inali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri, inabweranso ndi mphekesera zake zoopseza anthu kupita kumsasa wa odwala. Kolera imapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo Thanzi ORS ndi diripi zimapulumutsa munthu akafika msanga. Wobisa wodwala m'nyumba chifukwa cha uthenga wa m'foni amadya maola amenewo.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine ndimaphunzitsa mafunso atatu okha. Wanena ndani, ndipo dzina lake ndi nkhope yake zilipo? Ndikakhulupirira, iye apindulapo chiyani? Kodi wailesi ina, kapena munthu wa ntchito imeneyo amene ndingamupeze ndi mapazi, akunenanso zomwezo? Za matenda funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, kapena imbani 54747, Chipatala cha pa Foni. Uthenga woti "mwawina, tumizani kaye kangachepe" umadziulula wokha.

Funso lachiwiri lija ligwiritseninso ntchito pa zotsatsa malonda. Mphunzitsi wakhama kwambiri pa kanema masiku ano ndi wotsatsa juga ya mpira. Waphunzitsa anyamata kuchulukitsa manambala okhala ndi kadontho pakati, zimene ine ndinalephera. Koma samu imodzi sawaphunzitsa: kuti kampani inawerengetsa kale kuti pamapeto pake yotsala ndi ndalama ndi iyo. Amakuonetsani wowina mmodzi atanyamula chicheke. Mzere wa oluza ukanayambira pa mlatho wa Bakili Muluzi kukafika ku Monkey Bay.

Amayi nawo amapindula mofanana ndi abambo?

Ayi. Vidiyo sho ndi malo a amuna; mayi wapabanja akalowamo mudzi wonse udziwa dzuwa lisanalowe. Pakhomo pamene pali TV, rimoti imakhala m'manja mwa bambo, kenako ana. Mayi amaonera chapatali, mwana kumsana, mphika pamoto, ndipo sewero amalimva kuposa kuliona.

N'chifukwa chake wailesi ya mawu sinafe. Imalankhula munthu akuyanika usipa, akupeta, akuchapa. Dzimwe ya ku Monkey Bay, imene inayamba mu 1998 ndi thandizo la UNESCO ndi bungwe la amayi atolankhani, inali wailesi yoyamba ya m'dera m'dziko muno, ndipo cholinga chake chinali choti amayi akumudzi amveke. Radio Maria nayo likulu lake lili konkuno. Mphamvu ya wailesi za m'dera ili m'magulu omvera: amayi amakhala pamodzi, kumvera, kuzimitsa, n'kukambirana, pena kujambula mawu awo kuti adindo akayankhe. Lamulo loti ukwati uziyambira zaka 18 linakhazikika m'malamulo aakulu a dziko mu 2017, koma kumudzi limasiya kukhala nkhani ya ku Lilongwe tsiku limene mayi wamva mnzake wa mudzi woyandikana nawo akufotokoza pa wailesi mmene anakachotsera mwana wake kubanja n'kumubwezera kusukulu.

Luso la ntchito lingatoledwe pa YouTube?

Lina. Okonza mafoni ndi njinga zamoto paboma pano amatsegula vidiyo, kuimitsa, kumasula, kuyesa, kubwereza. Foni ya ku China ndi imodzimodzi kuno ndi ku India, choncho ngakhale chinenero asamve, maso amakwana. Ophika makeke a ukwati ndi oluka tsitsi chimodzimodzi.

Ulimi ndi wina. Vidiyo ya mlimi wa ku Kenya, kumene madera ena mvula imagwa kawiri pachaka, singakuuzeni tsiku lodzala kwa Nankumba. Onerani, koma mukafunse mlangizi ndi mnzanu amene munda wake ukuoneka.

Usodzi ndiye umandiphunzitsa kudzichepetsa. Palibe msodzi amene sadziwa kuti nyanja imatsekedwa kuyambira November kuti chambo chiswane, kapena kuti neti ya udzudzu imakokolola ana a nsomba. Wamva pa wailesi, wamva kwa a BVC (komiti yoona za usodzi padoko), waona m'sewero. Nyanja ya Malombe, imene kale inkadzaza mabwato ndi chambo, aliyense akuiona mmene yakhalira. Koma mawa kunyumba kukufunika ufa. Pamenepa vuto si kusadziwa, ndipo pulogalamu ina yowonjezera singalithetse.

Atsogoleri ena a zipembedzo amati kanema akuwononga khalidwe. Akunama?

Sakunama. M'mavidiyo sho ena usiku mumaonetsedwa zolaula ana asukulu ali momwemo, ndipo umenewo ndi mlandu wa mwini malo ndi mudzi umene ukungoyang'ana. Koma mashehe ndi abusa omwewo ulaliki wawo ukuyenda m'mamemore ndi pa WhatsApp, ndipo alipo akuluakulu amene awongola kawerengedwe kawo ka Qur'an pomvera owerenga a kutali pa foni, makamaka mwezi wa Ramadan.

Ndine mlangizi wa kwacha. Ndingazigwiritse bwanji ntchito zimenezi popanda magetsi kapena TV?

TV simukuisowa, ophunzira anu anaonera kale. Yambani ndi zimene akukamba pobwera. Ngati ndi sewero la dzulo, afotokoze, atsutsane, kenako tengani mawu awiri atatu a m'nkhaniyo muwalembe pabolodi n'kuwaphwanya m'maphatikizo: ngongole, ngo-ngo-le. Paulo Freire wa ku Brazil, amene njira yophunzitsira akuluakulu yotchedwa REFLECT inachokera pa maganizo ake, ankayambira pa mawu amene anthu ali nawo kale pamtima, osati a m'buku. Abambo, amene amathawa kalasi poopa kukhala pakati pa amayi, alembetseni mayina a matimu ndi mmene ligi ilili; Bullets ndi Wanderers zimakoka anthu amene "a e i o u" analephera kuwakoka. Dzina la Temwa Chawinga, amene akumwetsa zigoli ku America, kapena la mkulu wake Tabitha, lili ndi maphatikizo okwana phunziro lathunthu, ndipo amayi amamva kukoma kulilemba.

Foni imodzi ndi yokwanira. Onetsani vidiyo ya mphindi ziwiri, imitsani pakati, funsani kuti chichitike n'chiyani, nanga kuno zikanatha bwanji. Mukaonetsa filimu yonse anthu akhala chete bwinobwino, aombera m'manja, n'kubwerera kwawo mapensulo asanatuluke m'thumba. Ndinazichitapo kamodzi.

Ndikufuna kuyamba kalasi. Ndipite kuti, ndipo ndilipira zingati?

Simulipira. Ndondomeko ya boma ya sukulu za kwacha, imene ikuyenda m'dziko lonse kuyambira mu 1986, ili pansi pa unduna woona za chitukuko cha m'madera. Funsani a mfumu, a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kapena mlangizi wa chitukuko wa dera lanu. Akalephera, ofesi yawo ili paboma. Mipingo ndi mabungwe ena nawo amatsegula makalasi awo. Maphunziro amakhala masana anthu ataweruka kumunda, ndipo amatenga miyezi pafupifupi 10. Ngati m'mudzi mwanu mulibe kalasi, sonkhanani mukapemphe ngati gulu. Amene anafika kale kusekondale n'kusiyira panjira, kwawo si ku kwacha ayi. Afunse za sukulu za open zimene zimachitika masana m'masekondale ambiri, kuti adzalembe MSCE.

Tengani kope ndi pensulo. Ngati maso ayamba kuchita chifunga mukayang'ana zapafupi, monga zimakhalira munthu akadutsa zaka 40, yambani mwapita kuchipatala akakuyezeni magalasi. Ena amene amati "mutu wanga ndi wouma" vuto lawo limakhala limenelo. Foni bwerani nayo. Mukangodziwa zilembo za dzina la mwana wanu, nambala yake mudzaisunga nokha m'menemo.